Gargi Anaimirira Kachiwiri

Janaka, mfumu ya dziko la Videha, anatsekera ng'ombe 1,000 m'khola, ndipo ku nyanga za ng'ombe iliyonse anamangirira tizidutswa 10 ta golide. Inali nyengo ya nsembe yaikulu. Abrahmini, ansembe ophunzira, anali atasonkhana kuchokera ku Kuru ndi ku Panchala, kumadzulo, komwe kunali kuchimake kwa maphunziro a Veda, malemba opatulika a Ahindu, ndipo mfumu inafuna kuona kuti katakwe weniweni pakati pawo ndi uti. Inalengeza kuti aliyense wodziwa kuti amaposa anzake atsegule khola, ng'ombezo ndi zake. Anthu anangoyang'anizana. Kenaka mmodzi wa iwo, Yajnavalkya, anakodola wophunzira wake Samashravas, n'kumuuza kuti akuse ng'ombezo azipita nazo kunyumba.

Bwalo lonse linawira ndi mkwiyo. Ashvala, wansembe wa pakhomo pa mfumu, anamufunsa ngati akudziyesadi wodziwa kuposa onse amene anali pamenepo. Yajnavalkya anayankha mopepuka kuti wodziwa koposayo amamugwadira, koma iye chomwe akufuna ndi ng'ombe. Mtsutso unayambira pomwepo. Anthu asanu ndi atatu anaimirira mmodzimmodzi kudzamuponyera mafunso kuti amugwetse. Mmodzi mwa iwo anali mayi, Gargi Vachaknavi, ndipo ndi iye yekha amene anaimirira kawiri.

Nkhaniyi ili m'buku la Brihadaranyaka Upanishad, limodzi mwa mabuku akale kwambiri a nzeru za Chihindu, la m'chilankhulo cha Sanskrit. Akatswiri ambiri amati linapekedwa pakati pa zaka 700 ndi 500 Khristu asanabadwe, Buddha asanayambe kuphunzitsa. Ndi gawo lotsiriza la Shatapatha Brahmana, chibuku chofotokoza miyambo ya nsembe, cha nthambi ya Yajurveda imene Ahindu amati inadzera mwa Yajnavalkya mwiniyo. Videha lero ndi kumpoto kwa chigawo cha Bihar ku India, kulowera mpaka ku Nepal, komwe tauni ya Janakpur imasungabe dzina la mfumuyo. Ine si Mhindu. Ndine Mkhristu, ndimaphunzitsa ana katekisimu Loweruka masana. Koma funso lomwe nkhani ya Gargi imadzutsa ndi langanso, ndipo limandivutitsa: kodi pali funso lokhudza Mulungu lomwe munthu sayenera kufunsa? Ngati lilipo, wamkulu azimuuza bwanji wamng'ono?

Amuna amene anayamba kufunsa sanali anthu wamba. Ashvala anafunsa za nsembe, momwe woipereka angapulumukire m'manja mwa imfa. Artabhaga anafunsa kuti munthu akafa, mpweya wake n'kupita ku mphepo, maso ku dzuwa, thupi ku dothi, mwini wakeyo amakhala kuti. Apa Yajnavalkya anachita chinthu chomwe ndimachikonda. Anamugwira dzanja, namuuza kuti nkhani imeneyi si ya pagulu, ndipo anapatukira pambali awiriwiri. Buku limangotitsina khutu kuti kumeneko anakambirana za karma, ntchito za munthu, kuti wochita zabwino amasanduka wabwino, wochita zoipa amasanduka woipa. Awa ndi amodzi mwa malo oyambirira pomwe chiphunzitso cha karma chikuonekera m'mabuku a ku India, ndipo chikulowa monong'ona. Ushasta analibe nazo ntchito zokuluwika. Anafuna kuti amuonetse poyera Brahman, gwero la zonse, ndipo atayankhidwa anadandaula kuti kumeneko n'kungoloza chinthu chili patali, monga munthu wonena kuti iyo ndi ng'ombe, uyo ndi kavalo. Yajnavalkya anamuuza kuti chimene chimaona mwa iye sangachione ndi maso, chimene chimamva sangachimve ndi makutu, pakuti ndicho chikuchita kuonako ndi kumvako. Aliyense akayankhidwa ankakhala pansi, osabwerezanso.

Gargi anali wachisanu ndi chimodzi. Funso lake linachokera ku ntchito ya manja, kuwomba nsalu. Anatenga mfundo yomwe anzeru a masiku amenewo ankavomerezana, yoti dziko lonseli linalukidwa pa madzi monga ulusi wopingasa umalukidwira pa ulusi woimirira, ndipo anafunsa kuti nanga madziwo analukidwa pa chiyani. Amene anaonapo mkulu akuluka lichero akudziwa chomwe mayiyu ankatanthauza. Nsungwi zina zimayamba kugona, zina n'kumadutsa mopingasa, kulowa pansi, kutulukira pamwamba. Mukasolola zogonazo, zinazo zimangomwazika. Gargi ankasaka chogona pansi pa zonse, chomwe chitasololedwa palibe chingatsale.

Yajnavalkya anati madzi analukidwa pa mphepo. Gargi anafunsa za mphepoyo, ndipo anauzidwa za maiko a mumlengalenga. Anakwera chotero, khwerero ndi khwerero: maiko a magandharva, oimba a kumwamba, kenaka a dzuwa, a mwezi, a nyenyezi, a milungu, a Indra, a Prajapati mlengi, mpaka maiko a Brahman. Yankho lililonse ankalitola n'kulisandutsa funso. Atafika pamwambapo sanaone chifukwa chosiyira, ndipo anafunsa kuti nanga maiko a Brahman analukidwa pa chiyani.

Yajnavalkya sanayankhe. Anamuchenjeza kuti asapyole muyeso pofunsa, kuopa kuti mutu wake ungaphulike, chifukwa wafika pa mulungu amene safunsidwa mopitirira. Gargi anakhala chete.

Ndikafika pamenepa mtima wanga umaima, chifukwa mawu amenewa ndinawamvapo ndi makutu angawa. Tsiku lina m'kalasi mwathu munabwera mkulu wina wa mpingo kudzayesa ana. Mtsikana wina wa sitandade 6, amene anali ataloweza bwinobwino kuti Mulungu ndiye analenga zonse, anakweza dzanja, dzanja linalo litagwira chigongono mwaulemu. "Abambo, nanga Mulunguyo anawalenga ndani?" Mkuluyo anamuyang'ana kanthawi ndithu, kenaka anati: "Mwana iwe, zimenezo safunsa. Ukamaganiza zotere udzapenga." Anzake anaseka. Iye anazolika, n'kuyamba kukanda benchi ndi chikhadabo, ndipo mpaka kalasi imeneyo inatha sanakwezenso dzanja. Mkuluyo si munthu woipa, ndi munthu wopemphera amene amayendera odwala mvula ikugwa. Ndimakhulupirira kuti anachita mantha ndi funsolo. Koma tonse tinakula tikumva kuti safunsa anadya phula, ndipo zimandiwawa kuti pa nkhani yaikulu kuposa zonse ndi pomwe timawatseka ana pakamwa.

Komabe ndisamunamizire Yajnavalkya. Chiopsezo cha mutu wophulika sichinali cha amayi okha, ndipo pabwalopo chinamugweranso iye mwini. Gargi atangokhala pansi, anaimirira Uddalaka Aruni, amene buku lomweli pamalo ena limamutchula kuti ndiye anaphunzitsa Yajnavalkya. Uddalaka anamuuza kuti akatenga ng'ombe za abrahmini asakudziwa ulusi umene umamanga maiko onse pamodzi, komanso amene amawalamulira ali mkati mwawo, mutu wake uphulika. Kwa anthu amenewa mtsutso sunali masewera a pakamwa. Wonamizira kudziwa zomwe sakudziwa, ndi wofunsa zoposa zomwe angathe kusenza, onse awiri ankaika moyo pachiswe. Mbali imeneyi ndimailemekeza. Ankakhulupirira kuti kulankhula za gwero la zonse mwachibwana kumavulaza munthu, ndipo ife amene timamva zonena za Mulungu zikugulitsidwa pawailesi usiku ndi usana tikudziwa kuti sankalakwa.

Adi Shankara, mphunzitsi wamkulu wa chiphunzitso cha Advaita Vedanta amene anakhala ndi moyo cha m'ma 700 Khristu atabadwa, analemba ndemanga yaitali pa bukuli, ndipo pamalo amenewa akuikira kumbuyo Yajnavalkya. Malinga ndi iye, Gargi analakwitsa njira. Ankakwera ndi kulingalira kokha: chilichonse chili ndi china chochigwira, ndiye tipeze chotsatira. Njira imeneyi imathandiza pa madzi, pa mphepo, pa dzuwa. Koma pali pena pomwe kulingalira sikufika, pomwe munthu ayenera kumva zomwe malemba opatulika anaulula.

Theka la zimenezi ndikulivomereza ndi mtima wonse. Ngati chilichonse chiyenera kutsamira pa china, mndandandawo sutha, ndipo mndandanda wosatha sufotokoza kanthu. Penapake payenera kukhala chinthu chosatsamira pa china. Kuchifunsa kuti chatsamira pa chiyani n'kuchibweza m'gulu la zinthu zomwe icho chikuzigwira. Thomas Aquinas, m'zaka za m'ma 1200, anayenda njira yofanana nayo pofotokoza choyambitsa choyamba chomwe sichinayambitsidwe ndi china. Malire a funso lotere ndi enieni, si chinyengo cha ansembe ofuna kubisa umbuli wawo.

Chomwe sindivomereza ndi chakuti Yajnavalkya anasankha kuopseza pomwe akanatha kufotokoza. Nzeru zake anali nazo, anali atangomuuza Ushasta chinthu chofananacho. Kumuonetsa munthu malire n'kosiyana kwambiri ndi kumuthamangitsa asanawaone. Woonetsedwa amachoka atadziwa kanthu katsopano za Mulungu, kuti si chinthu chimodzi mwa zinthu zambiri. Woopsezedwa amachoka atangodziwa kuti wamkulu wakwiya. Zaka zonse zomwe ndakhala ndi ana m'kalasi sindinaonepo mwana amene chikhulupiriro chake chinalimba chifukwa chouzidwa kuti akhale chete, koma ndaona ambiri amene anaphunzira kubisa mafunso awo, n'kudzachoka nawo m'tchalitchi atakula.

Uddalaka atamaliza, Gargi anaimiriranso. Ulendo uno sanayambe ndi Yajnavalkya. Anatembenukira bwalo lonse, n'kuuza abrahmini kuti ali ndi mafunso awiri, ndipo munthuyu akawayankha ndiye kuti palibe mmodzi wa iwo amene angamugonjetse. Iwo anamulola. Taonani zomwe wachita apa. Uja anakhazikidwa pansi wadzisandutsa woweruza mlandu wonse, ndipo amuna onsewo avomera. Kenaka anamuyang'ana Yajnavalkya, namuuza kuti wabwera ngati wankhondo wa ku Kashi kapena wa ku Videha amene wakunga uta wake, mivi iwiri yakuthwa ili m'manja. Kashi ndi mzinda uja lero timati Varanasi, m'mphepete mwa mtsinje wa Ganga. Munthu amene wangouzidwa kumene kuti mutu wake uphulika akalankhula za uta ndi mivi, ndiye kuti mantha sanamugwire.

Funso loyamba linameza makwerero onse aja kamodzi n'kamodzi. Anatchula zonse za pamwamba pa thambo, za pansi pa dziko, za pakati pa ziwirizi, n'kuphatikizapo zakale, zalero ndi zam'tsogolo, ndipo anafunsa kuti zonsezi zinalukidwa pa chiyani. Yajnavalkya anati pa danga, mpata waukulu womwe zinthu zonse zimakhalamo. Gargi anamuyamikira poyera chifukwa cha yankho limenelo, namuuza kuti akonzekere muvi wachiwiri. Nanga dangalo linalukidwa pa chiyani?

Ndi funso lomwe lija, lofuna chogona pansi pa zonse. Koma tsopano Yajnavalkya anayankha, ndipo yankho lake ndi limodzi mwa magawo omwe Ahindu amawerenga mwaulemu waukulu mpaka lero. Anati danga linalukidwa pa Chosawonongeka. Ndipo poti Chosawonongekacho si chinthu mwa zinthu, anachifotokoza pochotsa chimodzichimodzi zonse zomwe tikanachiveka: kukula ndi kuchepa, kutalika ndi kufupika, mthunzi ndi mdima, fungo ndi kukoma, maso, makutu, mawu, mkati ndi kunja. Sichidya kanthu, ndipo palibe chimachidya. Wina akhoza kuganiza kuti ukachotsa zonsezo sipatsala kanthu. Yajnavalkya anatseka njira imeneyo nthawi yomweyo, ponena kuti ndi mwa lamulo la Chosawonongekacho momwe dzuwa ndi mwezi zimakhalira m'malo mwake, momwe usana ndi usiku, miyezi, nyengo ndi zaka zimasiyanirana, ndi momwe mitsinje imatsikira kuchokera ku mapiri oyera a chisanu, ina kuvuma, ina kuzambwe. Amene anamva mawu amenewa ankakhala m'chigwa cha pansi pa mapiri a Himalaya, ankamwa madzi a mitsinje imeneyo.

Kenaka ananena chinthu chomwe chinafunika kulimba mtima. Pakati pa nsembe yaikulu, pamaso pa ansembe amene ankadya za nsembe, anati munthu wopereka nsembe ndi kudzizunza zaka zikwizikwi asakudziwa Chosawonongekachi, phindu lake lili ndi potha. Wochoka m'dziko lino asanachidziwe ndi womvetsa chisoni, ndipo wochoka atachidziwa ndiye mbrahmini weniweni.

Kodi chinasintha n'chiyani kuti funso lokanidwa lija liyankhidwe? Wina angati Gargi anaphunzira ulemu, poti anapempha chilolezo. Ine sindikuona choncho, munthu wophunzira kugonja sabwera ndi mivi. Chinasintha ndi kapangidwe ka funso. Poyamba ankapempha dzina lotsatira pa mndandanda, ndipo dzina lililonse lomwe akanapatsidwa likanabala funso lina. Kachiwiri anasonkhanitsa zonse zotchulika, ndi nthawi yomwe, n'kufunsa chimene chikuzigwira zonsezo pamodzi. Funso lotere silingayankhidwe ndi dzina la dziko lina lapamwamba. Limakakamiza woyankha kuti alankhule za chinthu cha mtundu wina kotheratu. Nthawi yomwe anakhala chete, Uddalaka akufunsa zake, Gargi anali akunola funso lake. Chenjezo lija sanalitenge ngati mawu omaliza, komanso sanalinyoze. Analimvetsa kuposa momwe linanenedwera. Chipanda iye kuimiriranso, chiphunzitso cha Chosawonongeka sichikanamveka pabwalopo.

Atakhutira, anapereka chigamulo monga analonjezera. Anauza abrahmini kuti adziyese amwayi akachoka pamenepo atangomugwadira munthuyu, chifukwa pa nkhani za Brahman palibe angamugonjetse.

Mmodzi sanamvere. Vidagdha Shakalya anaimirira n'kufunsa kuti milungu ilipo ingati. Yajnavalkya anayamba ndi nambala ya m'pemphero lina la pa nsembe, 3,306. Shakalya anafunsanso kuti kwenikweni ilipo ingati, ndipo nambala inatsika kufika pa 33, kenaka 6, kenaka 3, kenaka 2, kenaka mmodzi ndi theka, mpaka mmodzi. Aliyense woganiza kuti Chihindu n'kungopembedza milungu yambirimbiri ayenera kuyamba waima pa gawo limeneli. Koma Shakalya sanaime. Anapitiriza mafunso ambirimbiri, ambiri mwa iwo akuyembekezera yankho lomwe iye ankalidziwa kale, mpaka Yajnavalkya anamufunsa ngati anzakewo amusandutsa mbaniro yawo yochotsera makala pamoto. Pomaliza Yajnavalkya anamubwezera funso limodzi lokha, namuchenjeza za mutu. Shakalya sanadziwe yankho. Buku limati mutu wake unaphulikadi, ndipo akuba anaba mafupa ake poganiza kuti ndi katundu wina.

Nkhani imeneyi ndi yowawa, ndipo sindikufuna kuikometsa. Shakalya sanali mbuli. Mwambo wa Ahindu umagwirizanitsa dzina limeneli ndi ntchito yaikulu yogawa nyimbo 1,028 za Rigveda liwu ndi liwu, kuti oloweza asataye ngakhale kachidutswa. Buku lomwe likusimba za imfa yake linachokera kwa otsatira a Yajnavalkya, ndipo lili kumbali ya mphunzitsi wawo. Komabe likutionetsa kusiyana komwe ndikukuona kuti n'koona. Gargi ndi Shakalya onse anafunsa mosaleka. Gargi ankafunsa zomwe sankazidziwa ndipo ankazifunadi, n'chifukwa chake atapatsidwa yankho labwino anayamikira pamaso pa onse. Shakalya ankafunsa kuti akole munthu, ndipo funso lenileni litamubwerera anapezeka alibe kanthu m'manja. Ngati pali kufunsa koopsa, ndi kumeneku, kofunsa usakufuna kumva. Mtsikana wa m'kalasi mwathu uja sankakola munthu. Ankafuna kudziwa.

Pali chinanso chomwe ndinachiona m'mutu wotsatira wa bukuli, ndipo chimandipweteka. Yajnavalkya anapitanso kwa Janaka, ulendo wina atatsimikiza mumtima kuti sanena zambiri. Koma mfumu inali ndi lonjezo lakale loti ikhoza kumufunsa chilichonse. Inafunsa kuti munthu amayendera kuwala kwanji. Dzuwa. Nanga dzuwa likalowa? Mwezi. Nanga mwezi ukalowa? Moto, kenaka mawu, popeza mumdima munthu amalondola komwe kukumveka mawu, ndipo mawu akatha pamatsala atman, mwini weniweni wa mkati mwa munthu. Ndi makwerero ofanana ndi a Gargi aja. Kukambiranako kutapita patsogolo, mfumu inkati ikayankhidwa, inkalonjeza ng'ombe zina 1,000 n'kupempha kuti apitirize. Buku limaulula kuti pena Yajnavalkya anachita mantha, poona kuti mfumu yochenjerayi yamutulutsa pobisala ponse. Koma za mutu wophulika sanatchule ngakhale kamodzi. Funso likachokera kwa mwini ng'ombe limalandiridwa ndi manja awiri, likachokera kwa mayi kapena kwa mwana limatchedwa mwano. Zinali choncho ku Videha, ndipo ndaziona zili choncho m'misonkhano yathu ya mpingo.

Chomwe chimandichititsa kulemekeza mwambo wa anzeru amenewa ndi chakuti zonsezi tikuzidziwa chifukwa iwo eni anazisunga. Mabuku a Veda anayenda zaka mazanamazana pakamwa, mphunzitsi kunena, wophunzira kubwereza, mawu ake ndi kamvekedwe kake komwe, mwakuti mu 2003 bungwe la UNESCO linazindikira kalakatulidwe ka Veda monga chuma cha anthu a dziko lonse. Ganizirani anyamata a mibadwo yonseyo atakhala pansi m'mamawa, akuloweza malo omwe mphunzitsi wawo wamkulu ananena kuti akufuna ng'ombe, malo omwe anaopseza mayi m'malo momuyankha, malo omwe anachita mantha pamaso pa mfumu. Panalibe amene anafufuta. M'zaka zotsatira mabuku a malamulo monga Manusmriti anawaika amayi kunja kwa maphunziro a Veda, koma dzina la Gargi linakhalabe pa mndandanda wa aphunzitsi olemekezeka omwe buku la miyambo ya pakhomo la Ashvalayana limati azithiriridwa nsembe ya madzi. Ku Delhi lero kuli makoleji awiri a atsikana, onse otsegulidwa mu 1967, ina yotchedwa Gargi, ina Maitreyi. Ulemu wosunga munthu wamkulu pamodzi ndi zipsera zake ndimausirira. Ife kawirikawiri wamkulu wathu timamuyeretsa mpaka wophunzira amaganiza kuti sanathedwepo nzeru.

Maitreyi anali mkazi wa Yajnavalkya, ndipo ndi kwa iye komwe ndimamuona mphunzitsiyu akuchita zomwe anayenera kuchita kwa Gargi. Anali ndi akazi awiri, Maitreyi ndi Katyayani. Itakwana nthawi yoti asiye moyo wa pabanja n'kukhala woyendayenda wopanda chuma, anaitana Maitreyi kuti agawe katundu pakati pa awiriwo. Maitreyi anamufunsa ngati dziko lonse lodzaza ndi chuma, litakhala lake, lingamupatse moyo wosafa. Mwamuna wake anayankha moona kuti ayi, angakhale ngati mmene amakhalira olemera ena onse, koma chuma sichigula kusafa. Pamenepo Maitreyi anati chinthu chosamupulumutsa ku imfa alibe nacho ntchito, angomuuza zomwe iye akudziwa. Yajnavalkya anakondwera, namuuza kuti anali wokondedwa kale koma tsopano wawonjeza, abwere akhale pansi amve.

Anayamba ndi chinthu chovuta kuti mwamuna auze mkazi wake tsiku lotsanzikana. Anati mwamuna sakondedwa chifukwa cha umwamuna wake, mkazi chimodzimodzi, ana ndi chuma chimodzimodzi. Zonse zimakondedwa chifukwa cha atman. Ena amamva ngati akulalikira kudzikonda. Ine ndimamva kuti akunena kuti chomwe timachikonda mwa wina ndi chomwecho chili mwa ife, ndipo ndicho chiyenera kufunidwa. Anapereka chitsanzo cha mchere woponyedwa m'madzi. Sungautolenso, koma paliponse pomwe ungalawe pali mchere. Kenaka anati munthu akafa, kudzizindikira kuti ine ndine uje kumatha.

Maitreyi sanavomere msanga. Anamuuza mosabisa kuti apa wamusokoneza mutu. Ndi mawu omwe mphunzitsi wonyada akanakwiya nawo, chifukwa akunena kuti chiphunzitso chake sichikumveka. Yajnavalkya sanaopseze. Anafotokoza pang'onopang'ono kuti kuona, kumva, kununkhiza ndi kudziwa zimatheka pomwe pali awiri, woona ndi choonedwa. Pomwe zonse zakhala chimodzi, ndani angaone ndani, ndipo ndi chiyani? Chimene munthu amadziwira zonse angachidziwe ndi chiyani? Awa ndi malire omwe aja anatsekera Gargi, koma pano akumuyendetsa Maitreyi mpaka afike pomwepo, aone yekha chifukwa chake funso likuthera apa. Yankho la mtundu umenewu ndi lomwe mtsikana uja ankayenera kulandira, m'mawu a msinkhu wake: wafunsa bwino, tiye tione limodzi chifukwa chake amene analenga zonse sangakhale mmodzi wa zolengedwa.

Osunga bukuli anaikonda nkhani ya Maitreyi mpaka anaiika kawiri, m'mutu wachiwiri ndi wachinayi. M'kusimba kwachiwiriko Yajnavalkya atamaliza anamuuza mkazi wake kuti waphunzitsidwa, ndipo za kusafa zomwe anafunsa ndi zomwezo. Atatero ananyamuka n'kuchoka pakhomopo.